Msuweni wake akuona kale odwala, wanga akadali m'kalasi

Achimwene anga anatumiza chithunzicho pa WhatsApp m'mamawa, ine nditangoweruka ku shifiti ya usiku. Mwana wawo wamwamuna waima pakhonde la wodi, wavala khoti loyera, choyezera pamtima chili lende m'khosi. Pansi pake analembapo mawu awiri okha: "Adokotala athu." Ndinakhala m'galimoto osailiza, kunja sinowo ikugwa, ndikukulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndimuonetsetse nkhope. Misozi inalengeza. Mwana ameneyu ndinkamubereka kumbuyo mayi ake akapita kuchigayo.

Iyeyu ndi mwana wanga wamkazi anabadwa chaka chimodzi, kusiyana miyezi itatu yokha. Anasewera bwalo limodzi ku Zomba mpaka pamene ife tinasamukira kuno ku Indiana, ku America, wanga ali ndi zaka 9. Onse awiri ankati akadzakula adzakhala madokotala, ndipo palibe anasintha maganizo. Lero ali ndi zaka 25. Wakumudziyo watsiriza digiri ya udokotala, wayamba internship, ntchito ya dokotala watsopano moyang'aniridwa, akulemba mankhwala, akusoka mabala, akuchezera kuchipatala likakhala tsiku lake. Wanga ali m'chaka chachiwiri cha sukulu ya udokotala. Nditamuonetsa chithunzicho anakondwa kwambiri, n'kumuimbira msuweni wakeyo nthawi yomweyo. Atadula foni anakhala duu kwa kanthawi, kenako anati: "Amayi, ine ndikamadzaona wodwala wanga woyamba pandekha, uyu adzakhala ali ndi ana akusukulu."

Mwana wanga sanalepherepo mayeso, sanabwerezepo kalasi. Njira imene dziko lino linamuyalira ndiyo yotalika.

Kwathu mwana akakhoza bwino MSCE amasankhidwira ku sukulu ya udokotala ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1991 ndi dzina lakuti College of Medicine, ndipo kuyambira 2021 ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Amachita chaka chimodzi chokonzekera cha pre-med, zaka 5 za digiri ya udokotala ya MBBS, kenako miyezi 18 ya internship. Zonse pamodzi ndi zaka 7 ndi theka. Ku Britain nakonso mwana amachoka ku sekondale n'kulunjika ku udokotala, zaka 5, kenako zaka 2 akugwira ntchito moyang'aniridwa. Mayiko ambiri amayendera momwemo.

Ku America ayi. Ukatsiriza sekondale uyenera kuyamba watenga digiri ya zaka 4 ku koleji, digiri ina iliyonse, kaya ya mbiri yakale kaya ya nyimbo, bola mkati mwake muli biology, chemistry ndi physics. Ukatero ulembe MCAT, mayeso otenga maola oposa 7. Pa anthu amene amafunsira malo chaka chilichonse, oposa theka amabwerera chimanjamanja, choncho ambiri amayamba akhala kaye chaka kapena ziwiri akukometsa mapepala awo. Wanga anatha zaka 2 akugwira ntchito yotsatira dokotala ndi kompyuta, kulemba zimene dokotalayo akukambirana ndi wodwala. Ukalowa, sukulu ya udokotala ndi zaka 4. Ukatuluka pali residency, kuphunzira ukatswiri ukugwira ntchito m'chipatala, zaka 3 kwa dokotala wa mabanja kapena wa ana, 5 kwa wa maopaleshoni, 7 kwa wa opaleshoni ya ubongo. Ngakhale amene sanaime paliponse amatha zaka 11. Wanga adzatha 13, ndipo adzakhala ndi zaka 31.

Ndisakunamizeni kuti awiriwa adzatuluka ofanana. Mwana wa achimwene akatsiriza internship adzakhala dokotala wa matenda onse, ndipo akafuna ukatswiri adzabwerera kusukulu zaka zina 4. Wa kuno akamatuluka mu residency amakhala atazama kale m'gawo limodzi. Zaka zakumapetozo ndilibe nazo mlandu, chifukwa amazithera pambali pa bedi la wodwala. Zimene zimandisowetsa mtendere ndi zakumayambiriro, zaka 6 zimene mwana wanga wayenda mozungulira asanaloledwe n'komwe kukhala pa benchi la sukulu imene ankaifuna kuyambira ali wamng'ono.

Ndinafuna kudziwa amene anayala njira imeneyi. Dzina limene limatuluka paliponse ndi la Abraham Flexner, mphunzitsi wa ku Louisville, yemwe sanali dokotala. Bungwe la Carnegie Foundation linamutuma kuyendera sukulu 155 za udokotala ku America ndi ku Canada, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1910. Zimene anapeza zinali zoopsa ndithu. Sukulu zambiri zinali bizinesi chabe, zolandira aliyense wokhala ndi fizi, zopanda labu, zopanda wodi yophunzitsiramo. Iye analoza sukulu ya Johns Hopkins ya ku Baltimore kuti onse atengereko: zaka 2 za sayansi, zaka 2 m'mawodi. Sukulu zambiri zinatsekedwa, ndipo sindikayika kuti miyoyo yambiri inapulumuka. Koma Flexner mwiniwake ankati wolowa akhale atachitako zaka 2 za sayansi ku koleji. Zoti aliyense abwere ndi digiri yathunthu zinadzafala pambuyo pake, mpaka lero anthu amaziona ngati zinagwa kumwamba.

M'nkhani yomweyo muli kachidutswa kathu. Pa sukulu 7 zimene zinkaphunzitsa anthu akuda udokotala, zinapulumuka ziwiri zokha, Howard ya ku Washington ndi Meharry ya ku Nashville. Ku Meharry komweko n'kumene Daniel Malekebu wa ku PIM anatengera udokotala mu 1917, ndipo Kamuzu Banda anatsatira mu 1937. Nditawerenga zimenezi ndinaganizira ana a anthu akuda amene sukulu zawo zisanu zija zinatsekedwa. Njira ikatalika ndi kukwera mtengo, woyamba kutsalira m'mbuyo si mwana wopanda nzeru. Ndi mwana amene kwawo kulibe woti amudyetse zaka zonsezo.

Za ndalama ndinene mosabisa, poti ndi zimene zimandidzutsa usiku ngakhale tsiku limene sindili pa ntchito. Wophunzira udokotala kuno amene anakongola amatuluka ndi ngongole ya pafupifupi $200,000, ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa iye akadali m'kalasi. Mu residency malipiro ndi apakati pa $60,000 ndi $70,000 pa chaka, pa ntchito imene malamulo amalola kuti ifike maola 80 pa sabata. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawatembenuza kuti asatuluke zilonda, ndipo ndimaona momwe achibale awo amavutikira kupeza dokotala wa mabanja amene akulandirabe odwala atsopano, makamaka kumatauni ang'onoang'ono. Bungwe la sukulu za udokotala, AAMC, linanena mu 2024 kuti pofika 2036 dziko lino likhoza kupelewera madokotala okwana 86,000. Koma mwana amene wasenza ngongole yotere akamasankha gawo, mungamudzudzule akayang'ana kumene kuli malipiro aakulu? Wanga ankafuna kukhala dokotala wa mabanja. Chaka chino wayamba kulankhula zina, ndipo ndikudziwa chimene chamusintha.

Palinso china chimene amuna olemba za nkhaniyi amangochidumpha. Tsiku lina tikutsuka mbale mwana wanga anandifunsa kuti: "Amayi, nanga ana ndidzabereka liti?" Sindinamuyankhe msanga. Ine ndinamubereka ndili ndi zaka 24. Iye zaka zimene thupi la mkazi limakhala pa mphamvu zake adzazithera pa mayeso ndi mashifiti a usiku. Atsikana tsopano ndi ochuluka kuposa anyamata m'sukulu za udokotala kuno, koma kalendala yake ndi yomwe ija inakonzedwa pamene ophunzira anali pafupifupi amuna okhaokha. Chaka chimodzi chochotsedwa pa njirayi, kwa mtsikana, sichiwerengedwa m'madola okha.

Njira zazifupi zilipo kale, ndipo si zadzulo. Ku Canada, yunivesite ya McMaster inayamba kuphunzitsa udokotala m'zaka 3 mu 1969, ya Calgary mu 1970, ndipo mpaka lero zikutero. Zimafupikitsa maholide, ophunzira n'kumaphunzira pafupifupi chaka chonse. Madokotala awo adzaza m'zipatala za ku Canada kwa zaka zoposa 50. Kuno ku America, Texas Tech inatsegula njira ya zaka 3 ya ofuna udokotala wa mabanja, New York University (NYU) inayamba yake mu 2013, ndipo mu 2023 inaika ophunzira ake onse pa maphunziro a zaka 3. Sukulu zokhala ndi njira yotere tsopano zaposa 30. Mu 2012 Ezekiel Emanuel ndi Victor Fuchs analemba m'magazini ya madokotala ya JAMA kuti maphunziro onsewa akhoza kudulidwa ndi 30 peresenti popanda kuwononga luso la dokotala.

Chimene amachotsa kwenikweni ndi chaka chachinayi, ndipo anzake a mwana wanga amene ali m'chakacho atandifotokozera ndinamvetsa chifukwa chake. Miyezi yambiri imathera pa kusaka malo a residency. Wophunzira amapita kukagwira mwezi kuchipatala cha kutali kuti akamuone nkhope, amalemba makalata ofunsira malo ambirimbiri, amakhala pa mafunso, kenako amadikira tsiku la Match mu March pamene amauzidwa kumene wagwera. Likadutsa tsikulo, zotsalazo ndi zochepa. Koma fizi ndi ya chaka chathunthu. Mapulogalamu ambiri a zaka 3 amamulumikiza wophunzira ndi malo a residency pachiyambi pomwe, choncho ulendo wonse wodzionetsa uja sufunikanso. A NYU atayerekeza ophunzira awo a zaka 3 ndi a zaka 4, anapeza kuti pa ntchito sakusiyana kwenikweni. N'zoona kuti awa anali ana osankhika, odziwa kale gawo limene akufuna, ndipo amene sanatsimikize mtima chaka chachinayi chimamuthandiza. Ine sindikuti chithetsedwe. Ndikuti chisakhale chokakamiza.

Imene inandipweteka mtima ndi ya ku Kansas City. University of Missouri kumeneko, kuyambira 1971, imatenga ana ochokera ku sekondale n'kuwapatsa digiri ya koleji ndi ya udokotala m'zaka 6. Ndinaidziwa mwana wanga ali kale m'chaka chachitatu cha koleji. Ife obwera, amene timagwira mashifiti awiri ndipo tilibe m'bale dokotala woti atinong'oneze, zinthu zotere zimatipita. Sindikudziwa ngati akanapeza malo, poti mpikisano wake ndi waukulu. Koma sanayese n'komwe, ndipo chimenecho ndimachisenza ine.

Nditawafotokozera achimwene maganizo angawa pa foni, anandiyankha ndi mwambi: "Achemwali, kuthamanga si kufika. Mungalole kuti akung'ambeni pamimba munthu amene anaphunzira mwachidule?" Funso lawo ndi la anthu ambiri, ndipo lili ndi pogwira. America inayesapo kale kawiri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sukulu zinatulutsa madokotala m'zaka 3 chifukwa asilikali ankawafuna. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 boma linaika ndalama zolimbikitsa zomwezo, ndipo sukulu zambiri zinalowamo, koma zisanathe zaka 10 pafupifupi zonse zinabwerera ku zaka 4. Cholakwika chinali chakuti anapanikiza maphunziro onse a zaka 4 m'zaka 3 osachotsapo kalikonse, ngati wothira chimanga cha matumba anayi m'matumba atatu. Ophunzira anatopa, aphunzitsi anatopa, ndalama za boma zitatha chidwi chinatheranso pomwepo. Ndiye kufupikitsa kuli pawiri. Kwina n'kusankha mosamala chimene dokotala safunikira, kwina n'kungothamangitsa ana.

Komabe ndinawakumbutsa achimwene chinthu chimene anaiwala. Mwana wanga yemweyu anabadwa pa opaleshoni, pachipatala china cha pa boma kumene ndinkaphunzitsa nthawi imeneyo. Ndinavutika usiku wonse, mwana atakhala mopingasa. Amene anandichita opaleshoni, tonse tinkawatchula kuti adokotala, koma anali clinical officer. Dokotala weniweni pa boma lonselo analipo mmodzi, ndipo tsikulo anali ku msonkhano. Malawi inayamba kuphunzitsa ma clinical officer mu 1976, zaka 3 m'kalasi ndi m'mawodi, kenako chaka chimodzi cha internship. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007, wochitika m'zipatala 38, anapeza kuti pa maopaleshoni 10 aliwonse akuluakulu a amayi oyembekezera, pafupifupi 9 ankachitidwa ndi ma clinical officer, ndipo zotsatira zake sizinkasiyana kwenikweni ndi za madokotala. Ku Mozambique anayamba mu 1984 kuphunzitsa anthu otere kuchita maopaleshoni, madokotala ambiri atachoka m'dzikomo.

Sindikunena kuti clinical officer ndi dokotala ndi amodzi. Dokotala amaphunzira mozama ndi motambalala, ndipo matenda akakhala osokoneza ndi iye amene timamufuna. Koma bambo aja anandiphunzitsa chinthu chimodzi ndi chipsera chimene ndili nacho. Manja awo sanaphunzitsidwe ndi kuchuluka kwa zaka. Anaphunzitsidwa ndi kuchuluka kwa amayi amene anawathandiza, pali wamkulu woima pambali n'kumawakonza. Choncho ndikamva kuti wina akufuna kudula maphunziro, ndimayamba ndafunsa kuti akudula pati. Akadula nthawi ya m'wodi, ndikana. Akadula zaka zodikira pamzere, maphunziro obwereza, ndi miyezi yosaka malo, ndivomera ndi manja awiri. N'chifukwa chake zimene boma la Britain linalengeza mu 2023, zofuna kutsitsa digiri ya udokotala kuchoka pa zaka 5 kufika pa 4 kwa ana ochokera ku sekondale, ndimaziyang'ana mokayika. Kumeneko mafuta oti n'kusenga ndi ochepa. Zaka 7 ndi theka za kwathu nazo sindingazikhudze.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene sindinaigonjetse. Amati zaka 4 za koleji ndi mpata wachiwiri. Mwana amene anaphunzira pa sekondale yosauka amapeza nthawi yowapeza anzake, ndipo amene anazindikira mochedwa kuti akufuna udokotala chitseko sichimutsekekera. Izi ndimazimva, chifukwa kwathu ndinaziona ndi maso ndili mphunzitsi. Mwana wa pa CDSS yopanda labu, wophunzira chemistry pa bolodi pokha, amapikisana pa mapointi ndi wa ku sekondale yogonera komweko yokhala ndi zonse, ndipo tsogolo lake limagamulidwa ali ndi zaka 17. Ndinaphunzitsapo ana amene akanakhala madokotala abwino koma MSCE inawatsekera kunja kamodzi n'kamodzi. Njira ya ku America, ndi kutalika kwake konse, ili ndi chifundo chimenecho. Koma chifundo cha ena sichiyenera kukhala msonkho wa onse. Zitseko zikhale ziwiri, cha mwana amene wakonzeka ali ndi zaka 18 ndi cha amene adzakonzeka ali ndi 25, ndipo makolo ngati ine tiuzidwe kuti zilipo.

Ngakhale sukulu zonse zitafupikitsa mawa, madokotala sangachuluke pokhapokha malo a residency atachuluka, ndipo ndalama zimene boma limalipirira malowo kudzera ku Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba, zinaikidwa malire mu 1997. Pakhosi pa botolo ndi pamenepo. Pomwepanso pamatsamwa madokotala ochokera kunja. Mwana wa achimwene atati agwire ntchito zaka 10 ku Malawi, n'kubwera kuno, m'madera ambiri angauzidwe kulemba mayeso onse a kuno ndi kuyambiranso residency pamodzi ndi ana ongotuluka kumene. Kamuzu anakumana nazo mbali inayo. Digiri yake ya ku Meharry sinali yokwanira kugwirira ntchito m'mayiko olamulidwa ndi Britain, ndipo anapita ku Edinburgh kukaphunziranso mpaka 1941. Dera la Tennessee, kumene kuli Meharry komweko, linakhazikitsa lamulo mu 2023 lolola madokotala odziwa kale ntchito ochokera kunja kuyamba kugwira moyang'aniridwa osabwereza residency, ndipo madera ena atsatira. Apa mtima wanga umagawanika. Ndi chilungamo kwa dokotalayo, koma ndikudziwa kuti chitseko chikatseguka chonchi, wodi imene idzatsale yopanda munthu ndi ya kwathu. Nditawauza achimwene za lamuloli anangoti, "Musamuuze." Ndinaseka nawo, koma tonse tinkadziwa kuti sakuseka.

Lamlungu lapitali asuweniwa anaimbirananso pa vidiyo, ine ndikuphika. Wakumudziyo maso anali ofiira ndi tulo, koma mawu ali m'mwamba. Usiku wapitawo anali atachita opaleshoni yake yoyamba yotulutsa mwana, kuyambira kucheka mpaka kusoka. Anati amene anaima naye mbali inayo ya tebulo anali clinical officer wachikulire, amene sanamulande mpeni ngakhale kamodzi, ankangoti, "Pang'onopang'ono adokotala, chikhodzodzo chili pomwepo." Mwana wanga anakankhira pambali mabuku ake a Step 1, mayeso oyamba a chiphaso cha udokotala kuno, n'kuyamba kumupanikiza ndi mafunso. Unacheka motani? Magazi anataya ochuluka bwanji? Manja sananjenjemere? Msuweni wake anati ananjenjemera mpaka pamene mwana analira. Mayi ndi mwana ali bwino, wamkazi, makilogalamu 3.

Atatsanzikana, wanga anatenganso buku lake n'kutsegula pamene anasiyira. Ndinamuikira nsima patebulo, ndipo anadya akuwerenga.